A Annel Silungwe: oweruza amene analumbiritsa Kaunda, n'kudzalumbiritsanso Chiluba

Inu amene mumakwera basi yopita ku tauni kudzera mu Independence Avenue, mumapitirira nyumba zija za makhoti akuluakulu tsiku ndi tsiku. Ambiri a ife sitiyang'anako n'komwe. Maso amakhala pa foni, kapena pa dzanja la kondakita, kuopa kuti angaiwale cenji. Amene amayang'anako kwenikweni ndi uja ali ndi m'bale wake ku Chimbokaila, amene mlandu wake ungokankhidwa mwezi ndi mwezi.

Lero ndifuna tiyang'aneko tonse, cifukwa m'nyumba zimenezo munakhala munthu mmodzi zaka 17 ali mkulu wa oweruza onse m'Zambia. Dzina lao ndi a Annel Musenga Silungwe. Anamwalira pa 30 June 2013 muno mu Lusaka, ali ndi zaka 77.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku sekondale. Dzina lao ndinalidziwa monga yankho la mayeso cabe: Mzambia woyamba wakuda kukhala mkulu wa oweruza. Tinaloweza, tinalemba, tinapasa, tinaiwala. Ndi pamene ndinayamba nchito ya utolankhani, n'kumakhala pa mabenci a m'khoti kuyembekezera milandu, m'pamene ndinaona kuti maloya acikulire akachula dzinali amasintha mau, monga mmene munthu amacitira pochula agogo ake amene anamulera.

A Silungwe anabadwa pa 10 January 1936 kumpoto kwa dziko lino, pamene linali kuchedwa Northern Rhodesia. Masiku amenewo mwana wa munthu wakuda akafika m'khoti anali kufika ngati woimbidwa mlandu, mboni, mesenjala kapena womasulira. Mpando wa kutsogolo uja unali wa azungu. Sukulu ya zamalamulo kunalibe muno, ndipo yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ufulu utabwera kale. Wofuna uloya anali kuoloka nyanja. A Silungwe anapita ku London, ndipo mu 1966 analandiridwa monga loya ku Inner Temple, limodzi mwa mabungwe anayi akalekale a maloya a ku England.

Atabwerera kwao zinthu zinathamanga kwambiri. Mu 1967 anali majisitireti. Mu 1971 anali oweruza wa High Court, ali ndi zaka 35 cabe. Mu 1973 a Kenneth Kaunda anawasankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo, nduna ya zamalamulo ndiponso loya wamkulu wa boma. Mu 1975 anakhala mkulu wa oweruza, asanakwanitse zaka 40. Manje taganizani, masiku ano munthu wa zaka 39 mu komboni timamuitana kuti mufana, ena akali kufunafuna nchito yokhazikika. Koma dziko linali latsopano, anthu ophunzira anali owerengeka, ndipo amene anali ndi pepala anali kusenzetsedwa katundu wa anthu khumi.

Kuti timvetse mpando umene anakhalapo, tibwerere pang'ono ku 1969. Asilikali awiri a Cipwitikizi analowa m'Zambia kucokera ku Angola, anagwidwa, ndipo khoti laling'ono linawapatsa cilango. Mlandu utafika ku High Court, oweruza Ifor Evans anafafaniza cilangoco. A Kaunda anakwiya poyera ndipo anafuna kuti mkulu wa oweruza, a James Skinner, afotokoze. A Skinner sanali mdani wa UNIP, anali munthu wa ku Ireland amene anathandiza cipanico pa nkhondo ya ufulu. Koma anaima kumbuyo kwa oweruza mnzao. Mu July caka cimeneco acinyamata a Zambia Youth Service anathamangira ku High Court, nalowa mwa ciwawa, oweruza n'kudzitsekera m'zipinda. A Skinner anacoka m'dziko, anatula pansi udindo, ndipo pambuyo pake anakakhala mkulu wa oweruza ku Malawi. Mpando unapita kwa a Brian Doyle, kenako kwa a Leo Baron kwa kanthawi kocepa, ndiye n'kufika kwa a Silungwe.

Conco munthu aliyense wokhala pa mpandowo anali kudziwa kuti khamu la anthu linafikapo kale pa khomo. Ndipo a Silungwe anaukhala pa nthawi yovuta koposa. Kuyambira December 1972 Zambia inali dziko la cipani cimodzi, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1973 anakhomerapo msomali. Lamulo la nthawi ya ngozi, limene linayamba mu 1964, silinacotsedwe mpaka 1991. Pansi pa lamulolo boma linali ndi mphamvu yotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Oweruza akanatha kufunsa ngati womangidwayo anapatsidwa zifukwa zolembedwa pa nthawi yake, ngati dzina lake linalengezedwa monga mmene lamulo linanenera. Koma kufunsa ngati a pulezidenti analondola pomumanga, pamenepo khomo linali lopapatiza.

Apa m'pamene anthu amagawanika pa za a Silungwe, ndipo sindidzabisa. Ena amati munthu amene anacoka pa mpando wa nduna n'kukakhala mkulu wa oweruza sakanatha kuluma dzanja limene linamukweza. Amakumbutsa za 1978. Caka cimeneco a Simon Kapwepwe ndi a Harry Nkumbula anafuna kupikisana ndi a Kaunda pa utsogoleri wa UNIP, umene unali njira yokhayo yopitira ku State House. Malamulo a cipani anasinthidwa msonkhano wa ku Mulungushi uli pafupi: wopikisana akhale membala wa zaka zisanu, ndiponso apeze omuthandiza kucokera ku cigawo ciliconse. A Kapwepwe anali atangobwerera m'cipani, ndiye lamulo loyambalo linawagwira pakhosi. Awiriwa anapita ku khoti, ndipo makhoti amene a Silungwe anali kutsogolera anawakanira. Mu December a Kaunda anaima okha, anthu n'kumavota inde kapena ayi. Akuluakulu a ku Matero ndi ku Chawama amakumbukirabe masankho a mtundu umenewo, ndipo mpaka lero amaseka nkhani ya cule amene anali kuimira voti ya ayi.

Ine ndikawerenga nkhaniyi mtima umandiwawa, cifukwa ciweruzo cina cikanasintha mbiri ya dziko zaka 13 pasadakhale. Koma ndimadzifunsanso kuti, cikanatsatiridwa kodi? Kapena cikanangobweretsanso khamu pa khomo la khoti, oweruza n'kusinthidwa ndi anthu a cipani eni-eni? Funsoli ndalitembenuza kambiri ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi kulemera kwake. Cimene ndiona n'cakuti m'maiko ena a mu Africa pa zaka zomwezo makhoti anasanduka cidole. Ku Uganda, mu 1972, mkulu wa oweruza Benedicto Kiwanuka anatengedwa ndi asilikali a Idi Amin ndipo sanabwererenso. Ku Malawi milandu ikuluikulu ya ndale inali kupita ku makhoti a mafumu kumene loya sanali kuloledwa kuimira munthu, ndipo a Orton Chirwa ndi akazi ao a Vera anaweruzidwa kuti aphedwe m'khoti lotero mu 1983. Kuno kwathu, olo zinthu zinali zolimba, woimbidwa mlandu woukira boma anali kuonekera m'khoti la poyera, ndi loya wake, ndi mwai wocita apilo.

Citsanzo cake ndi mlandu wa a Edward Shamwana. Mu October 1980, masiku ocepa cikondwerero ca ufulu cisanafike, asilikali anaomberana ndi gulu la anthu pa famu ina ku Chilanga, ndipo boma linalengeza kuti lagwira ciwembu cofuna kulanda dziko. Pakati pa omangidwa panali a Shamwana, loya wodziwika kwambiri, ndi a Valentine Musakanya amene anakhalapo mlembi wa nduna za boma ndiponso bwanamkubwa wa Bank of Zambia. Mlandu unatenga nthawi yaitali. Mu 1983 High Court inawaweruza kuti aphedwe. Apilo inafika ku Supreme Court pamaso pa a Silungwe ndi anzao, ndipo mu 1985 ciweruzo cinatuluka, cacitali kwambiri, cimene ophunzira zamalamulo amacibereka pamsana mpaka lero. A Musakanya anamasulidwa cifukwa umboni wowamanga sunaime pamaso pa lamulo. A Shamwana ndi ena cilango cinakhalabe. Palibe amene anakondwa kotheratu: boma linataya munthu amene linali kumufuna, ndipo mabanja a otsalawo anabwerera kunyumba ndi misozi. A Kaunda pambuyo pake anasintha cilango ca imfa kukhala ukaidi, ndipo mu 1990 anawatulutsa. Cilango ca imfa cenico cinacotsedwa m'malamulo athu mu December 2022.

Mwina wina pa mpando wa kumbuyo afunsa kuti, nanga ife a mu komboni zitikhudza bwanji za anthu a masuti? Zitikhudza, ndipo pafupi kwambiri.

Mu 1974, a Silungwe ali loya wamkulu wa boma, nyumba ya malamulo inapanga lamulo la nyumba limene linalola kuti makomboni amene anali kuonedwa ngati osaloledwa azindikiridwe monga malo oyenera kukonzedwa. Sindinena kuti ndiwo analilemba okha, lamulo limadutsa m'manja ambiri. Koma ndi pa nthawi yao pamene boma linasiya kuona anthu a ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata monga anthu ongoyembekezera buludoza. Ndi thandizo la ndalama za World Bank, misewu inadulidwa, mipope ya madzi inaikidwa, ndipo mwini nyumba anayamba kupatsidwa pepala lomulola kukhala pa malopo zaka 30. Pepala lija agogo anu amasunga mu pulasitiki pansi pa matiresi, limene ana amayamba kulimbirana maliro asanathe, muzu wake ndi umenewo.

Ndiye pali lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo, limene linabwera a Silungwe ali mkulu wa oweruza, ndipo makhoti ao ndiwo anayamba kuligwiritsa nchito. Limagawa motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba ndi za wotsalayo ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Lisanabwere lamuloli, acibale a mwamuna anali kubwera ndi lole tsiku lotsatira maliro, n'kunyamula mpaka mapoto ndi mbaula.

Kunena zoona, amabwerabe. Ine ndinaperekezapo amai anga aang'ono ku khoti lina laling'ono muno mu Lusaka, amuna ao atamwalira, alamu ao atatenga makiyi a nyumba ya zipinda zitatu ndi firiji. Tinapita kanayi. Ulendo woyamba fayelo sinaoneke, waciwiri mbali inayo sinabwere, wacitatu tinakhala pa benci kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndalama ya basi yokha inatha ngati ya lendi. Ulendo wacinayi oweruza anatsegula buku, anawerenga magawo aja, ndipo makiyi anabwezedwa pa tebulo pomwepo. Firiji sitinaionenso. Koma tsiku limenelo ndinamvetsa cifukwa cake nkhani ya amene akhala pamwamba pa makhoti si nkhani ya ku Kabulonga cabe. Mkulu wa oweruza ndiye anali kutsogolera bungwe loona za kulemba nchito ndi kulanga mamajisitireti ndi anchito a makhoti, ndipo khalidwe la pamwamba limatsikira mpaka pa benci ija tinakhalapo.

Tibwerere kwa a Silungwe. Mu June 1990 mtengo wa unga unakwera kuposa kawiri, ndipo Lusaka inayaka. Ophunzira a pa yunivesite anayamba, makomboni anatsatira, masitolo anaphwanyidwa, anthu anafa. Pa 30 June msilikali Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ndipo kwa maola ocepa anthu anavina m'misewu asanadziwe kuti zalephereka. Pofika December a Kaunda anasaina kusintha kwa malamulo kolola zipani zambiri. Masankho anacitika pa 31 October 1991, ndipo a Frederick Chiluba a MMD anapambana ndi mavoti opitirira 75 peresenti.

Masiku amenewo mkulu wa oweruza ndiye anali kulandira mapepala a opikisana pa upulezidenti ndi kulengeza wopambana. Conco munthu yemwe uja amene a Kaunda anamukweza kucoka pa umajisitireti mpaka pamwamba, amene anakhala pa mpando pa masankho a inde ndi ayi a 1978, 1983 ndi 1988, ndiye anaimirira pa High Court pa 2 November 1991 kulumbiritsa a Chiluba. Anthu amayamika a Kaunda kuti anavomera kugonja, ndipo ayeneradi kuyamikidwa. Koma panafunikanso kuti pakhale ofesi imene mbali zonse ziwiri zikanaikhulupirira kuti inene nambala yoona ndi kupereka Baibulo kwa woyenera. Maiko ambiri a mu Africa anali asanaonepo cinthu cotere. Ofesiyo inalipo, ndipo sinagwedezeke tsiku limenelo.

Mu 1992 anacoka pa mpando ali ndi zaka 56, ndipo a Matthew Ngulube analowa m'malo mwao. Munthu wina akanapita ku famu kukaweta nkhuku. Iwo anayamba moyo waciwiri kunja. Anakhala oweruza wa khoti la apilo ku Seychelles. Ku Namibia, dziko limene linali litangolandira ufulu mu 1990 ndipo linali ndi njala ya oweruza akuda monga mmene Zambia inaliri mu 1964, anatsogolera sukulu yophunzitsa anchito a zamalamulo, kenako anakhala oweruza wa High Court ya kumeneko, nthawi zina n'kumakhalanso mu Supreme Court yao. Zimandicititsa cidwi kuti munthu amene anali mkulu wa oweruza zaka 17 anavomera kukhalanso oweruza wamba pansi pa ena, kumvetsera milandu ya tsiku ndi tsiku ku Windhoek. Pa Zed tidziwa mmene munthu amavutikira kutsika, olo akhale ceyamani wa pa siteshoni ya basi cabe.

Nchito yao yomaliza inawabweza kunyumba. A Michael Sata atapambana mu September 2011 analonjeza malamulo atsopano oyendetsera dziko m'masiku 90. Mu November anasankha komiti ya akatswiri, ndipo wapampando anali a Silungwe, ali ndi zaka 75. Kunena zoona anthu anali atatopa. Tinali titaona kale komishoni ya Chona, ya Mvunga, ya Mwanakatwe, ya Mung'omba, ndi msonkhano waukulu uja wa NCC umene unadya ndalama zambiri n'kukagwa m'nyumba ya malamulo mu 2011. Aliyense anali kufunsa anthu maganizo, ndipo boma lililonse linali kusankhapo zimene lifuna. Kuika nkhalamba yolemekezeka pa mpando kunali njira youza anthu kuti ulendo uno ndi wina.

Masiku 90 anapita ngati mphepo. Komitiyo inatulutsa cikalata coyamba pa 30 April 2012, ndipo cinazungulira m'maboma ndi m'zigawo kuti anthu anenepo, mpaka msonkhano wa dziko lonse mu April 2013. Munali zinthu zimene anthu anali kulira kuyambira kale: pulezidenti apambane ndi mavoti opitirira theka, waciwiri wake asankhidwe naye limodzi pa pepala limodzi, pakhale khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, Mzambia aloledwe kukhala nzika ya maiko awiri, ndiponso ufulu wa anthu ukulitsidwe kuti ukhudze zinthu monga madzi, nyumba, cipatala ndi sukulu.

A Silungwe sanaone mapeto ake. Anamwalira miyezi iwiri pambuyo pa msonkhano uja, cikalata comaliza cisanaperekedwe. Kenako panabuka kukokana pakati pa boma ndi mabungwe pa za kucitulutsa, ndipo anthu anaciona mu October 2014, masiku ocepa a Sata asanamwalire. Pa 5 January 2016 a Edgar Lungu anasaina malamulo osinthidwa ku Heroes Stadium, pafupi ndi Matero pomwepa. Zina za m'cikalata ca komiti ija zinalowa. Pa masankho a August 2016 wopambana anafunika kupitirira theka, ndipo a Lungu anapitirira ndi pang'ono cabe, 50.35 peresenti. Masankho apadera a pulezidenti monga aja tinacita mu 2008 a Levy Mwanawasa atamwalira ndi mu 2015 a Sata atamwalira sadzacitikanso, cifukwa waciwiri amangolowa. Constitutional Court ndi Court of Appeal zinabadwa nthawi yomweyo.

Koma mbali ija ya ufulu wa madzi, nyumba ndi cipatala inafunika referendamu. Inacitika tsiku limodzi ndi masankho a 2016, mkati mwa phokoso la zipani, cizindikiro ca diso ndi ca khutu, ndipo ambiri a ife sitinamvetse n'komwe cimene tinali kufunsidwa. Amene anavomera anali ambiri kuposa okana, koma sanafike pa nambala imene lamulo limafuna, ndiye inagwa. Conco mvula ikagwa mu Kanyama, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'zimbudzi, kolera n'kuyamba monga mu 2017 ndi 2018 ndiponso kumayambiriro kwa 2024 pamene Heroes Stadium yomweyo inasanduka cipatala, palibe ndime m'malamulo akulu a dziko imene mai wa ku Kanyama angaitenge kupita nayo ku khoti kukafunsa madzi abwino. Ndimeyo inali m'cikalata ca komiti ya a Silungwe, ndipo ikali m'cikalata momwemo.